Matuza a Dzanja Lamanzere

Chikuni chinatsetsereka n'kufika pakhutu, nyama n'kulira tsii, koma Pakuna sanasunthe mutu.

"Khala bwino," anatero Posala, mlamu wake, atamugwira tsitsi ngati akuzula udzu. "Tsiku lija miyendo yako inali yopepuka zedi. Lero limbitsa khosi lokhalo."

Tsitsi la anamfedwa silimetedwa ndi mpeni, limapserezedwa ndi chikuni mpaka pakhungu. Akazi ena onse Posala anawapsereza mosamala, akuuzira phulusa kuti lisawagwere m'maso. Atafika pa Pakuna dzanja lake linaiwala chisoni. Anatapa utomoni wa paini wosakaniza ndi makala usanazizire n'komwe, n'kumupaka pamasaya ndi pachipumi. Pakuna analuma mano. Mwana wake wamkazi, Tiponya, anali m'tulo m'kadengu kake kobelekera, ndipo sanafune kumudzutsa ndi kulira.

Womwalirayo anali apongozi ake. Dzina lawo musandifunse, sindilitchula. Kwathu kwa Amiwoki munthu akapita amanyamula ndi dzina lomwe, ndipo wolitchula pamaso pa ana ake ndiye kuti wawalavulira m'maso. Tsoka lake, mayi amenewa anatchedwa dzina la katsache kaja ka mizu kamene akazi amasesera ufa pathanthwe. Choncho chitenthereni mtembo wawo dzana, katsache nako kanataya dzina m'mudzi monse. Akazi akakafuna ankangokaloza ndi mlomo.

Anafa imfa yoipa. Chibwerereni azungu ofuna golide mumtsinje, mmodzi wa iwo anamanga mpanda kudambo n'kumasula nkhumba zake kuti zizidya mtedza wa thundu, chakudya chathu chenicheni, pansi pa mitengo yathu. Zitamaliza wapansi zinalondola fungo mpaka pankhokwe. Malemuwo anapeza nkhumba yaikazi itaboola nkhokwe yawo, mutu uli m'kati, mtedza ukukhuthukira m'matope. Sanaitane mwamuna aliyense. Anatenga munsi wawo wamwala n'kuithyola msana, kenako n'kuiphwanya mutu.

M'mawa mwake anali awiriwiri pathanthwe, iwo ndi Pakuna. Akazi ena anali atapita kukatola mtedza kuseri kwa phiri, amuna ali kumtsinje. Ankasinja moyandikana, ndipo monga mwa masiku onse zigongono zawo zinkagundana, pakuti Pakuna anali wamanzere ndipo ankakhala kudzanja lamanja la apongozi akewo. Mwadzidzidzi mbama inatera. Inali mbama yeniyeni, yogwetsa munthu chagada.

"Chigongono chakocho chanditopetsa, Wamanzere iwe. Tenga kamwana kakoko upite kukhwawa. Ndisakuone mpaka ndikuitane."

"Ndalakwanji, amayi?"

Yankho linali ndodo yapamsana. Chimene chinamupweteka kwambiri Pakuna n'chakuti pomumenyapo sankamuyang'ana n'komwe. Maso awo anali kwina, kumtunda, ngati akuthamangitsa galu wongodutsa. Ananyamula mwana n'kutsetsereka akulira. Atangofika pamadzi anamva mfuti.

Anawapeza atagwa chafufumimba, mutu uli m'mphepete mwa mtondo wawo wokumbika pathanthwe, magazi atadzaza mtondowo mpaka kusefukira. Mzungu uja, mwini nkhumba, anali atakwera kale hatchi yake. Pakuna ndi amene anawatembenuza, n'kuwapukuta kumaso, n'kuwawongola zala. Powongolapo anaona chinthu chachilendo. Chikhatho chamanzere chinali matuza okhaokha, ena ophulika, ena ouma, khungu litasupuka mpaka m'zala. Chonsecho mayi amenewa zonse ankachita ndi dzanja lamanja, kusinja, kudya, kumenya anthu. Anadabwa, koma nthawi yodabwa panalibe. Anthu anali atayamba kufika akuthamanga, ndipo funso la aliyense linali limodzi: iwe unali kuti?

Pakuna sanali wobadwira kwathu. Anachokera kumpoto, kwa Amaidu, kumene azungu anatentha mudzi wake wonse ndi anthu omwe. Sewati, mwana woyamba wa malemu, anamupeza m'tchire akutafuna mizu, n'kubwera naye, n'kumukwatira, n'kumupatsa dzina loti Pakuna. Apongozi dzina limenelo sanalitchulepo. Kwa iwo anali Wamanzere basi. Ufa ukakhala ndi misere, Wamanzere. Nupa, phala lathu la mtedza, likawawa pang'ono, Wamanzere sanathire madzi okwanira potsukulutsa ufa pamchenga. Chaka chatha azungu anagwira Sewati ndi amuna ena kuti akawakumbire mumtsinje, ndipo mpaka lero sanabwerere. Pakuna anatsala ndi khanda kumsana ndi nkhalamba yomukalipira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ankawaopa, ndipo masiku ena ankawada ndi mtima wake wonse.

Utomoni usanaume pamasaya, Notaku anatulukira. Iyeyu ndiye mwana wamwamuna amene anatsala, mlongo wake wa Posala. M'mamawa anali atapita kumpanda wa mzungu ndi uta wake, atalumbira pa phulusa la amake kuti sabwerako chimanjamanja. Anabwerako wopanda uta, msana uli mikwingwirima ya chikoti. Anam'mangirira pamtengo, anamukwapula akuseka, n'kumumasula ngati kamwana kakuba. Munthu wotero ndi woopsa. Wopha amake sangamufike, ndiye mkwiyo umafunafuna amene ali pafupi.

Anaima pamaso pa Pakuna osakhala pansi.

"Mawa tidyetsa anthu abwera kumalirowa. Ukatha kusinja, unyamule mwana wako uzipita."

"Ndipite kuti, alamu?"

"Kumene unathamangira tsiku lija."

"Anandithamangitsa okha. Anandimenya mbama, anandimenyanso ndodo."

"Amakumenya tsiku ndi tsiku, sunathawepo. Tsiku la mfuti lokha ndiye mbama inapweteka?"

Posala anaseka kuseka kouma, akupukuta zala pa udzu.

"Mwanayu ndi wa akulu anu," anatero Pakuna chapansipansi. "Ndi magazi a Sewati."

"Sewati ali kuti? Muitane adzakuyankhulire." Notaku analoza nkhokwe yobooka ija. "Ukuiona iyo? Nkhumba zadya, matope adya. Chisanu chikatsika kuphiri ndidyetse mlongo wanga kapena ndidyetse mlendo?"

"Ine sindine mlendo. Ndaberekera pano."

"Agalu nawonso amaberekera pano. Ndionetse mtondo wako pathanthwe."

Pakuna mtondo analibe. Thanthwe lathu lili ndi mitondo yambirimbiri, maenje okumbika ndi minsi ya akazi chiyambire makolo, ndipo uliwonse uli ndi mwini wake. Mayi amasiyira mwana wake, mwana n'kudzasiyira wake. Mkazi amene ali ndi mtondo pathanthwe palibe mwamuna angamuchotse pamudzi, ngakhale atakhala wolusa chotani. Pakuna zaka zonsezi ankasinjira pamng'alu wina pafupi ndi apongozi ake, pamene ufa unkathawira m'mbali ndipo munsi unkamupweteka phewa.

"Mlendo ndi mame," anatero Notaku. "Dzuwa latuluka."

Pakuna anadziwa bwino chimene chinali kumudikira panjira. Kumpoto kunalibe mudzi, kunali phulusa. Mkazi woyenda yekha masiku amenewo azungu ankangomutola, mwana n'kukagulitsa kwina. Akapulumuka azungu, chisanu chinali pafupi kutsika, ndipo khanda loyamwa bere la munthu wanjala silifika kutali. Anamuyamwitsa Tiponya akuyang'ana pansi, kuti misozi isaoneke kwa Posala.

Kutacha akazi onse anakwera pathanthwe ndi madengu a mtedza wosenda kale. Alendo a kumaliro anali ambiri, ena ochokera kutsidya kwa mtsinje, ndipo onse ankayembekeza nupa. Aliyense anakhala pa mtondo wake, miyendo atatambasula, n'kuyamba. Mtondo wa malemu wokha unali chete, atautsuka n'kuudzaza masamba a paini. Kumanzere kwake kunali mwala wophwatalala umene ankaswerapo mtedza. Mwala umenewo palibe ankaukhudza. Posala yemwe tsiku lina anangoutsamira, n'kulandira ndodo yapamutu imene anatupa nayo masiku angapo.

Pakuna anapachika kadengu ka mwana panthambi, n'kupita pamng'alu wake. Akazi oyandikana naye anasendeza madengu awo kutali.

Minsi itatentha, pakamwa nawo panamasuka. Panali Huyana, msuweni wa malemu, mkazi wonenepa wa pakamwa posatseka, amene ngakhale pamaliro sakanatha kukhala chete.

"Ine ndinena, mundide," anatero, munsi ukukwera n'kutsika. "Msuweni wanga mutu unali utayamba kuzungulira. Kupha nkhumba ya mzungu ndi manja, munthu wabwinobwino?"

"Azakhali, amayi anali bwino," anayankha Posala.

"Bwino kuti? Chilimwe chonsechi masana, ife titabisala mumthunzi, iwo ali pano okhaokha, go, go, go. Mwala pamwala, mtedza palibe. Ndinabwera tsiku lina kudzafunsa kuti kodi asuweni mukusinja mphepo? Anandigenda. Onani chipsera ichi."

Akazi ena anaseka mobisa. Wina anati nayenso anamvapo kugogodako, ankayesa mbalame yogogoda mitengo.

"Mbalame yake yotukwana choncho?" anatero Huyana. "Ananditchula zinthu zoti ngakhale mwamuna wanga sanazionepo."

Ngakhale Posala anamwetulira pang'ono, utomoni n'kung'aluka pamasaya. Pakuna sanaseke nawo. Ankasinja, n'kuwolera ufa m'lichero, n'kumaligogoda ndi zala kuti misere igwe, wosalala utsale. Ankaganiza za njira, kuti adzere kumtunda kapena kumunsi, ndi kuti abe mtedza wochuluka bwanji osagwidwa.

Mphepo inawomba kuchokera kudambo n'kumwaza ufa wake pathanthwe. Ufa wa chaka chimenecho sunali wotaya. Anatambasula dzanja kwa Posala, maso ali paufa, n'kunena mwa chizolowezi, "Alamu, tandipatsani..." ndipo anatchula.

Anawatchula mawu aja, poyera, pamaso pa mwana wa malemu, pambali pa mtondo umene unali utangotsukidwa magazi. Anali mawu oyamba amene anaphunzira m'chiyankhulo chathu, pakuti katsacheko ankamuponyera nako tsiku ndi tsiku. Mwambo ankaudziwa, kwawonso ulipo. Koma palibe anali atamuuza mawu olowa m'malo, ndipo lilime linatsogola, mutu n'kubwera pambuyo.

Minsi yonse inaima.

"Sindimanena iwo," anatero Pakuna, dzanja lili pakamwa. "Ndimafuna kaja, kaja kosonkhanitsira..."

Posala anagwetsa munsi n'kuyamba kubuma maliro mwatsopano, akudzimenya pachifuwa. Notaku anali chapafupi pamoto, akuwotcha miyala yophikira nupa. Anamva zonse. Anabwera osathamanga, atagwira ndodo ziwiri zija zopanira miyala yamoto, nsonga zake zikufuka utsi.

Yoyamba inatera pakamwa. Pakuna anamva dzino likuthyoka, magazi n'kudzaza m'kamwa. Yachiwiri inatera pakhosi. Anagwa paufa wake womwe, ndipo Notaku anamuponda m'nthiti, kamodzi, kawiri, osawerenga. Anafuna kumukoka tsitsi, koma tsitsi panalibe, ndiye anamugwira khutu lopsa lija n'kumudzutsa nalo.

"Unawasiya afe okha, lero ukuwaitana? Ukufuna abwerere adzakuone ukudya mtedza wawo?"

"Ndalakwa, alamu. Pakamwa pandilakwira."

"Madzulo n'kutali. Ukupita pompano."

Anamutaya pansi n'kulunjika kumtengo. Anakoka kadengu ka mwana mwamphamvu mpaka nthambi kuthyoka, n'kukaika pathanthwe, n'kukakankha ndi phazi. Thanthwe lathu ndi lotsetsereka chakukhwawa. Kadengu kanayamba kutsetsereka, Tiponya akulira m'katimo, ndipo kakanapitirira kakanagwera m'miyala. Huyana ndi unenepa wake wonse anadziponya chafufumimba n'kukagwira ndi chingwe.

Pakuna sanadziwe kuti wadzuka nthawi yanji. Anangozindikira munsi uli m'manja. Notaku anamuona akubwera, n'kukweza mkono kutchinga mbali imene amuna onse amatchinga pomenyana, mbali yobwera dzanja lamanja. Munsi unabwera mbali inayo. Unamupeza patsaya, fupa n'kulira, khungu n'kung'ambika kuyambira padiso mpaka pachibwano. Anagwada bondo limodzi, magazi akuchucha pachifuwa.

Akazi anabalalika, madengu akugubuduka, mtedza uli mbwee pathanthwe ponse. Notaku anapukusa mutu ngati chimbalangondo cholasidwa, n'kudzuka. Anamugwera Pakuna ndi thupi lonse, n'kumupotokola mkono mpaka munsi kugwa, n'kumukhwekhwereza kufika pafupi ndi mtondo wa amake. Anamuyala dzanja lamanzere pamwala.

"Posala, ponda apa."

"Achimwene..."

"Ndati ponda."

Posala anaponda pamkono, akulira, nkhope atatembenuzira kumbali.

"Dzanja ili ndi limene linkawasowetsa mtendere amayi," anatero Notaku, mawu akutuluka mokhota chifukwa cha tsaya. "Lero landimenyanso ine. Upita, koma ili ulisiya pano."

Anayang'anayang'ana chophwanyira. Minsi inali itagubudukira kutali. Chimene chinali pafupi ndi mwala uja wophwatalala wa amake. Anawerama, n'kulowetsa zala pansi pake, n'kuuzula ndi manja awiri, n'kuukweza pamwamba pa mutu. Pakuna anatsinzina. Anaganiza za Tiponya, kuti adzamunyamula bwanji ndi dzanja limodzi.

Mwala sunatsike. Pakuna atatsegula maso anaona kuti akazi onse sakuyang'ana Notaku, sakuyang'ananso iye. Ankayang'ana pamene panali mwala.

"Notaku," anatero Huyana akupuma wefuwefu, mwana ali m'manja, "tayang'ana pamapazi pakopo."

Pansi pa mwala uja panali mtondo. Unali watsopano, woyera m'kati, wosadetsedwa ndi mafuta a mtedza, wakuya ngati chibakera cha munthu wamkulu. M'katimo munagona kamunsi kosalala, ndipo pambali pake panali katsache katsopano, komangidwa bwino, kosagwirapo ntchito.

Notaku anatsitsa mwala pang'onopang'ono mpaka pamimba, kenako n'kuuika pansi. Posala anachotsa phazi pamkono wa Pakuna osadziwa n'komwe kuti wachotsa.

"Ndiye go, go, go uja ameneyu," anatero Huyana. "Galu wamkota sakandira pachabe. Ine n'kumati mutu wazungulira."

Mtondo sukumbika ngati dzenje la mbewa. Thanthwe limeneli ndi louma moti munthu amagogoda tsiku lonse n'kungochotsa kafumbi kodzaza chikhadabo. Akazi a masiku ano palibe anayambapo mtondo wake, onse anapeza okumbakumba. Aliyense amene anaima pamenepo anadziwa kuti akuyang'ana chilimwe chathunthu cha nkhalamba, mwinanso kuposerapo.

Posala anagwada, akusisita m'mphepete mwake ndi chala.

"Amandikumbira ine," anatero. "Ankadziwa kuti wanga uja ndi wakuya kwambiri."

Anatola kamunsi kaja, n'kukhala bwino, n'kukatsitsa. Kanagunda m'mphepete n'kudumpha, dzanja n'kuchita dzanzi. Anayesanso. Kanaterereka cham'mbali, kutsala pang'ono kumuphwanya chala chakuphazi.

"Tabwera nako kuno," anatero Huyana, akupatsira mwana mkazi wina. Nayenso anayesa, munsi n'kukana. Anasuzumira m'kati atapendeketsa mutu. "Wakhota. Wapendekera uku. Msuweni wanga, munthu woti lichero likakhota pang'ono amaliponya pamoto, n'kukumba mtondo wokhota?"

Pakuna anali atadzuka n'kukhala tsonga, atagwira nthiti. Analavula magazi ndi kachidutswa ka dzino. Mawu anatuluka movutikira.

"Alamu, pamene tinkawakonza, munaliona dzanja lawo?"

Posala anamuyang'ana. Anatambasula chikhatho chake chamanzere n'kumachiyang'ana.

"Linali matuza," anatero. "Ndinayesa anapsa ndi miyala yophikira."

"Dzanja lamanzere?" anafunsa Huyana. "Amako ndi lamanzere ankangokandira nalo kumsana."

Palibe anamuitana Pakuna, komanso palibe anamuletsa. Anakwawa ndi mawondo mpaka pamtondo uja. Huyana anamupatsa kamunsi. Anakagwira ndi dzanja lamanzere, limene linali ndi chidindo cha phazi la Posala, n'kukakweza, n'kukasiya kagwe. Kanalowa mpaka pansi osakhudza m'mphepete, n'kulira du, kulira kwa munsi umene wafika kwawo. Anakakwezanso. Du.

Nkhalamba ija chilimwe chonse inkagogoda ndi dzanja losazolowera, kuti dzenje lipendekere mbali ya munthu wamanzere. Zimenezi sizinafunike wozinena. Mkazi aliyense pathanthwepo anazimva m'phewa mwake.

"Bodza," anatero Notaku. Anali atakhala pansi, atagwira tsaya, magazi akudutsa m'zala. "Akanakhala wake akananena. Bwanji sananene?"

"Amako ananenapo chabwino chanji ndi pakamwa?" anamufunsa Huyana. "Iweyo anakuuzapo kuti amakukonda? Koma pamene unadwala nthomba anakubereka kumsana, chimunthu chandevu, mpaka kutsidya."

"Anawasiya afe," anatero Notaku, akuloza Pakuna.

Pakuna atakhala pamenepo anakweza maso, chinthu chimene mtengwa sachita kawirikawiri akusinja pambali pa apongozi. Kutsogolo kwake, pakati pa mitengo iwiri ya thundu, njira yochokera kumpanda wa mzungu inkaonekera yonse, kuyambira kudambo mpaka pokwera chitunda. Munthu wa pahatchi akanaoneka ali kutali. Anakumbukira maso aja amene sankamuyang'ana pomumenya, ndi mawu aja oti tenga kamwana kakoko. Apa ndi pamene analira. Chifereni apongozi ake anali asanawalire, ankangolira mantha ake. Tsopano anawalira iwowo, mokweza, pakamwa pali magazi.

"Anamuona mzungu uja akubwera," anatero pakati pa kulirako, akuloza ndi munsi. "Anamuona ali uko. Ine ndinali n'tawerama."

Akazi anatembenuka n'kuyang'ana njira ija. Notaku nayenso anayang'ana, nthawi yaitali. Kenako anadzuka mwaulesi, akudzandira.

"Chisanu chino tidya chiyani?" anafunsa, osayang'ana munthu.

"Chimene tisinje," anayankha Posala. "Pitani mukasambe kumasoko, achimwene. Miyala yanu ikuzizira, alendo akudikira."

"Dzina lija watchulabe."

"Watchula, ndipo walipira dzino. Pitani."

Anapita. Sanapepese, ndipo ine sindinamvepo kuti anadzapepesa. Koma za njira sanazitchulenso, pakuti mkazi wa mtondo pathanthwe sachotsedwa ndi mwamuna.

Akazi anayamba kutola mtedza umene unamwazika, aliyense akudandaula za dengu lake. Huyana anam'mangiranso Tiponya panthambi ina, akung'ung'udza kuti mawondo ake asupuka chifukwa cha ana a eni. Posala anatola katsache katsopano kaja. Anakatembenuzatembenuza m'manja, n'kukaika pamwendo pa Pakuna.

"Masiku ano timati kosesera," anatero mosamuyang'ana. "Nena."

"Kosesera."

"Usadzaiwalenso."

Anatapa mtedza m'dengu lake lomwe n'kuthira mumtondo woyera uja mpaka pakati, n'kubwerera pamalo pake. Minsi inayambanso umodziumodzi.

Pakuna anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kutambasula miyendo. Nthiti zinkabaya akapuma. Anakweza munsi n'kuyamba kusinja, chigongono chamanzere chikuuluka momasuka kumbali kopanda munthu, osagunda kanthu. Kumanja kwake kunali mtondo uja wodzaza masamba a paini. Apongozi anali atayeza mpata wake mochepa kwambiri, moti akanakhalapo, phewa lawo likanatsamira pa lake.